Kalata ya pailoti wa ku Randburg

Okondedwa Achimwene,

Ine kuno ndili bwino, kaya inu, alamu ndi ana kwa Mpondasi konko.

Zimene mwamva kwa atransipota zoti mng'ono wanu akuyendetsa ndege n'zoona, koma musathamangire kukatenga injini ya boti pa ngongole. Ndegeyo ili m'kompyuta ya abwana, m'chipinda chomwe ndimakolopa m'mawa. Ndi gemu yotchedwa Microsoft Flight Simulator. Abwanawo ndi nkhalamba, maso anayamba kuwavuta, ndiye ntchito yokonza mabatani a joyisitiki inagwera ine, wa m'gadeni.

Joyisitikiyo ndi kandodo kowongolera ndege, ya Logitech, ya mabatani 12. Batani lililonse umaliuza wekha ntchito yake: umalowa m'makonzedwe a gemu, kusankha lamulo, n'kudina batani lomwe ukufuna kuti lizigwira lamulolo. Mavuto ali pa autopilot, makina oyendetsa ndege yokha munthu ukumwa tiyi. Pa kiyibodi imayaka ndi chilembo Z, koma abwana akafuna Z amadina X. Ndiye ndinawaikira batani limodzi loyatsa, lina la HDG loti ndege izilunjika mbali yomwe waiuza, lina la ALT loti isakwere kapena kutsika, ndi lina la NAV loti izitsata njira ya GPS. Lozimitsira ndinaliika pansi pa chala chachikulu penipeni. Ndege zenizeni nazonso zimakhala ndi batani lotere pa chiwongolero, ndipo amene anaganiza zimenezi ankadziwa kuti munthu akachita mantha sawerenga zilembo.

Achimwene, autopilot ili ngati mnyamata wopalasa amene mwamuuza kuti alunjike ku Boadzulu, iye n'kupalasa mpaka kugunda mwala wa chilumbacho chifukwa simunanene zoima. Yomvera kwambiri, nzeru ziro. Tsiku lina tinanyamuka ku Chileka pa Cessna, kutsata Shire, kudutsa Malombe ndi mlatho wa Bakili Muluzi, cholinga tikatere ku Club Makokola. Abwana anafuna kuona madzi pafupi, n'kuika mafiti 1,000. Ndinawauza mwaulemu kuti makinawa amayamba kuwerenga pa nyanja yamchere ya ku Durban, pomwe nyanja yathu ili kale pamwamba ndi mafiti oposa 1,500. Anati ine ndimadziwa za kapinga basi. Autopilot inamvera mwini ndalama, ndipo tonse awiri tinakacheza ndi chambo. Chichitikireni zimenezo, akafuna kutsitsa ndege amayamba atsokomola kaye n'kundiyang'ana.

Malipiro sanakwere ayi. Udindo wokha ndiwo wakula.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndege yeniyeni kuchoka ku OR Tambo kufika ku Chileka imatenga maola awiri ndi pang'ono, pomwe ife pa basi timagona m'njira, miyendo itatupa, kuima pa mzere ku Beitbridge, ku Nyamapanda, mpaka ku Mwanza. Mu gemumu palibe wofunsa pasipoti kapena masiku otsala. Mwera ukavuta umangousintha, nyanja n'kukhala bata. Mukawauza a ku doko zimenezi anena kuti ku Joni ndaphunzira ufiti.

Tsopano nkhani yeniyeni. Gemuyi imapanga dziko pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti, ndiye Lamlungu, abwana ali m'tulo, ndinazimitsa autopilot n'kuzungulira mudzi wathu pansipansi. Mzikiti ndinauona. Msewu wa ku Monkey Bay ndinauona. Pamalo pomwe munati mwamanga nyumba yanga ya malata ndinaonapo tchire ndi kanthu kooneka ngati khola la mbuzi. Mwana wa abwana akuti zithunzizo zimakhala zakale. Ndavomera, poti inu ndinu aakulu. Komabe mutumize chithunzi pa WhatsApp sabata ino, inuyo mutaima pakhomo, nyuzipepala ya tsikulo ili m'manja.

Moni kwa amayi. Bulangete lawo lili m'katundu wa mwezi wamawa, ndipo ndalemba dzina lawo mbali zonse.

Ndine mng'ono wanu,
Pailoti wa m'gadeni