Ulemu kwa Agogo GIF, Mwini Mitundu 256

Achinyamata ojambula alendo pagombe la Chintheche akhala akunyoza agogo GIF kuti ndi achikale, kuti amawononga zithunzi za nyanja. Ine ndati ndiwayimire, chifukwa munthu wamkulu sanyozedwa ndi ana obadwa dzana.

Agogowa anabadwira ku kampani ya CompuServe ku America mu 1987, m'manja mwa Steve Wilhite ndi anzake, ndipo pofika 1989 anali atadziwa kuika zithunzi pamzere kuti zizioneka ngati zikuyenda. Kuyambira pamenepo mwambo wawo sunasinthe: chithunzi chilichonse chilandire mitundu 256, osapitirira. Foni yanu imasunga mitundu yoposa 16 miliyoni, koma agogo amati kumeneko n'kuwononga chuma. Nduna iti inayamba yadulapo bajeti molimba mtima chotere?

Pitani m'mamawa ku Bandawe, dzuwa likutuluka kutsidya cha ku Mozambique. Thambo limachoka pa kufiira, kulowa chikasu, n'kukathera pa buluu, popanda malire oti mungaloze ndi chala. Chisokonezo chotere agogo sachilola. Amadula thambolo m'mizeremizere, mtundu uliwonse m'dera lake, kuti pasakhale mkangano wa malire. Mbuna ya m'miyala, yonyadira buluu wake wonyezimira, amaiveka buluu yemweyo wa ndowa ya pulasitiki ili pamchenga. Kwa agogo palibe wolemera, palibe wosauka.

Mitundu ikaperewera sadandaula. Amabwereka nzeru imene Robert Floyd ndi Louis Steinberg anafalitsa mu 1976: kuwaza timadontho ta mitundu iwiri moyandikana kuti diso linyengeke, liziona mtundu wachitatu umene palibe. Zotsatira zake, nyanja yonse imadzala timadontho ngati nkhungu zatuluka m'madzi. Atonga amadikira nkhungu pa nthawi yake, kuziwola n'kuziumba kukhala ndiwo. Agogo amazipereka chaka chonse, ngakhale pankhope ya mkwatibwi. Ndipo mukalola chithunzi chilichonse kudzisankhira mndandanda wake wa mitundu, mchenga umayamba kuphethiraphethira, bwato likusintha khungu msodzi asanapalase kawiri. Ena amati ndi vuto. Ine ndimati ndi gule waulere.

Adani sanawasowe. Kampani ya Unisys itayamba kulipiritsa njira ya LZW imene agogo amapanikizira zithunzi, akatswiri anakwiya n'kubereka PNG kuti awalowe ufumu. Umwini wa Unisys unatha mu 2003 ku America, m'maiko ena mu 2004, chaka chimene chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira pano pa Chintheche. Agogo akadali moyo. Lero adani ndi anyamata a laputopu: amaika kuwala kwa kamera pa mlingo umodzi kuti zithunzi zonse zifanane, kenako pa pulogalamu ya ffmpeg amayamba ndi palettegen, imene imayang'ana zithunzi zonsezo n'kusankha mitundu 256 yopezekadi m'nyanjamo, n'kumaliza ndi paletteuse. Chithunzi chimatuluka chokongola, inde, koma mitundu ndi 256 yomweyo. Akonza nkhope ya agogo, lamulo silinagwedezeke.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti ndi umphawi wonsewu agogo amalemera thupi kuposa vidiyo ya utali womwewo, ndipo amameza bandulo mosachita manyazi, osatulutsa ngakhale liwu limodzi la mafunde. WhatsApp inaona zimenezi n'kumatumiza vidiyo ya MP4 mwakachetechete, pamwamba italemba dzina la agogo. Ndani wina amachotsedwa ntchito koma dzina lake n'kutsala pachitseko?

Tsono inu a malo ogona alendo, ngati mukufuna wa ku Johannesburg aone madzi a Chintheche mmene alili, mutumizireni vidiyo. Agogo asiyireni ntchito ya mphaka wovina ndi mawu a "Mwayuka uli", imene amaigwira bwino kuposa aliyense.