Maola a katapila pa nyanja ya Atlantic

Amene amandidziwa akudziwa kuti ine ndi wotchi sitimwerana madzi chibadwire. Pa ukwati wanga womwe ndinafika abusa atayamba kuyasamula. Kumaliro ndimafika anthu akuchokera kumanda, n'kungopezerera nsima. Ndiye mkamwini wanga wa ku Britain, amene anakwatira mwana wanga namwino uja, atanena kuti watigulira matikiti a sitima yapamadzi yochoka ku Southampton kupita ku New York, mayi akunyumba anawomba m'manja.

"Bola m'sitima, bambo," iwo anatero. "Mukangolowamo basi, mulibenso kochedwera."

Za sitima ndinkadziyesa katswiri. Ndinakwerapo Ilala kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Nkhata Bay, ndipo palibe anandikhudzira wotchi. Osadziwa kuti Ilala imayenda chokwera kumpoto, pamene nthawi imam'sokonekera munthu akamayenda chopingasa, kulowera kumadzulo kapena kum'mawa.

Tsiku lina madzulo tinapeza kakalata pa pilo. Akuti tisanagone tibweze mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi. Ndinaseka chikhakhali. Wotchi yangayi ndinaitchera ku Lilongwe, pa nkhani za pa wailesi, ndipo sinanamizepo munthu. Wonama ndimakhala ineyo. Kaputeni ndi mfumu ya sitima, inde, koma ufumu wake unafika liti padzuwa? Komanso adokotala anandiuza kuti mankhwala a BP ndizimwa 6 koloko m'mawa. Adokotalawo ndi Mmalawi. 6 koloko yawo ndi ya ku Malawi. Kakalatako ndinapukutira magalasi.

Munali mu July, ndipo ku England n'komwe nthawi inali kale m'mbuyo mwa yathu ndi ola limodzi. Ulendowo ndi wa masiku 7, ndipo timakalata totere tinabwera kasanu. Owerenga masamu aona kale kumene nkhaniyi ikulowera. Ine masamu ndinawasiya ku Sitandade 6.

Chizolowezi changa n'chodzuka 5 koloko, tambala kapena wopanda tambala. Kudzuka sindichedwa ayi, chimandichedwetsa n'kunyamuka. Ndiye 5 koloko ya pamkono panga inayamba kukhala 3 koloko ya m'sitima, mawa lake 2 koloko, kenako 1 koloko. Ndinkasamba, kuvala jekete, n'kukaima pakhomo la chipinda chodyera kudikira tiyi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinali woyamba pamzere. Vuto lake mzerewo unali wa munthu mmodzi, ndi mnyamata wokolopa amene ankandizungulira ndi mopu ngati ndine nsanamira.

M'chipinda chathu munali maboma anayi. Wotchi yanga inkalamulira za Lilongwe. Ya mayi inkamvera kaputeni, poti iwo ndi munthu womvera aliyense kupatula ine. Foni, itasowa netiweki pakati pa nyanja, inakakamira nthawi ya London ngati mwana pa chitenje cha amake. Boma lachinayi linali mimba yanga, imene inkaitana nsima pa nthawi yosapezeka pa wotchi iliyonse.

Chimake cha manyazi chinafika kakalata kachisanu katadutsa. Ndinadzuka mwa nthawi zonse, kusamba bwinobwino, n'kutsika. Ndinadabwa kupeza magetsi ali ngwee, oimba ali pakalikiliki, azungu atavala masuti akuda akuvina awiriawiri. Mumtima ndinati anthu awa ndi olimbikira, n'chifukwa chake analemera, kuvina m'mamawa chonchi! Ndinayamba kuwapatsa moni wa m'mawa mmodzimmodzi, n'kukapempha phala. Inali 11 koloko usiku. Ine ndinali nditalowa kale m'tsiku la mawa, anzanga adakali m'dzulo.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wina woperekera zakudya, wa ku Zimbabwe, yemwe agogo ake anachokera kwathu kuno kukagwira ntchito m'migodi. Chinyanja chake chinali chopindikapindika koma chomveka. Anandikhazika pakona n'kutenga lalanje.

"Madala, dziko ndi ili," anatero. "Kuzungulira konseku ndi madigiri 360, ndipo limatembenuka kamodzi pa maola 24. Ndiye madigiri 15 alionse ndi ola limodzi. Ife tikuthamangira kumadzulo, kumene dzuwa limafika mochedwa. London ndi New York zimasiyana maola 5. M'malo mokupatsani onse pakamodzi ngati ndege, ife timakupatsani limodzilimodzi, thupi lizolowere."

Anajambula mzere pa lalanjelo ndi chikhadabo, akuti umenewo ndi wa Greenwich, umene mayiko anagwirizana ku Washington mu 1884 kuti kuwerenga kuziyambira pamenepo. Ndinafunsa ngati mfumu ina ya kwathu inaitanidwa ku msonkhanowo. Anati madala idyani lalanje.

Pofuna kunditonthoza anandiuza kuti sindine woyamba kupusa. Amalinyero a Magellan, atazungulira dziko lonse cholowera kumadzulo, anafika pa zilumba za Cape Verde mu 1522 akulumbira kuti lero ndi Lachitatu, anthu a pamtunda n'kuwauza kuti ndi Lachinayi. Ankalemba masiku mosadumphitsa, koma tsiku lathunthu linawasowa. Anawonjezanso kuti dziko la Samoa linachita kufufuta dala tsiku la 30 December 2011: anthu anagona Lachinayi n'kudzuka Loweruka. Apa ndiye ndinatchera khutu. Boma loterolo ndi lofunika kwathu kuno, lizifufuta tsiku limene eni nyumba amabwera kudzatenga lendi.

Kenako zinandilowa, ndipo mtima unandipweteka. Kani masiku onsewa anzanga ankalandira tsiku la maola 25! Usiku uliwonse wa kakalata ola la basera, logona mwaulere, pa bedi lolipiridwa ndi mkamwini. Ine, munthu amene sindinasiyepo basera ngakhale la tomato mmodzi pamsika, maola asanu aulere ndinawathera chilili pakhomo lotseka, nditavala jekete.

Titafika ku New York ndinalapa. Ndinagwira kachitsulo ka m'mbali mwa wotchi n'kubweza maola 6 onse pakamodzi, mwaukali wa munthu wotembenuka mtima mochedwa. Nditamaliza, kachitsuloko kanatsalira m'zala zanga. Wotchi ikuyenda bwinobwino, koma yosasinthikanso.

Pobwerera tinakwera sitima yomweyo, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti maola aja sanali mphatso. Anali katapila. Tsopano tinkalowera kum'mawa, tsiku lililonse la kusintha linkakhala la maola 23, ndipo ngongoleyo sankatolera usiku anthu ali mtulo ayi. Ankatolera masana dzuwa lili paliwombo. Ikangokwana 12 koloko, mawu ankamveka pa chimkuzamawu kuti tsopano ndi 1 koloko. Ola la nkhomaliro lenilenilo, kulowa m'madzi ndikuona! Ndinadandaula kwa mnyamata wa lalanje uja kuti ine maolawo sindinadye nawo, ndibweza bwanji? Anati pa nyanja ngongole ndi ya mudzi wonse.

Mayi akunyumba ulendo wonsewo anagona bwino, kudya pa nthawi yake, mpaka kunenepa. Akamafotokozera anzawo a kumvano za ulendowu, mbali ya phala la 11 koloko usiku amaibwereza kawiri, ndipo kachiwiriko amaimirira kuti aonetse mmene ndinkaweramira popereka moni.

Wokonza mawotchi wa pakhonde la sitolo kuno akuti kachitsulo kotero n'kosowa, ndidikire. Choncho wotchi yanga idakali ku New York. Inu amene ndinapangana nanu kuti tikumane 10 koloko Loweruka lino pa nkhani ya ndalama zanu zija, musapse mtima. Ndifika pa nthawi yake ndithu, cha m'ma 4 koloko madzulo.