Mkulu woona za chidebe

Mayi a kunyumba kwanga amati ndili pa mitala. Akuti mkazi mnzawoyo saphika, sachapa, sabwera n'kumaliro komwe, koma mwezi ukatha ndiye amayamba kulandira gawo lake iwo asanaone ngakhale ya mchere. Mkazi akunenedwayo ndi timu yathu ya mpira wa miyendo. Ine sinditsutsa, chifukwa umboni ali nawo. Ketulo yawo inapita ku bwalo chaka chatha kukatenthetsa madzi othowera mwendo wa goloboyi, mpaka lero ikadali pa ngongole ngati wosewera wobwerekedwa.

Dzina la timuyi sinditchula. Sikuti ndikuchita manyazi ayi, vuto ndi loti pofika tsiku lomwe nyuzipepalayi ituluke likhoza kukhala litasintha. Kwathu aliyense wogula mpira watsopano amakhala ndi ufulu woika dzina lake patsogolo. Tinatchedwapo dzina la chigayo, kenako la okala, kenako la mkulu wina yemwe ankafuna ukhansala. Ameneyu atagwa pa chisankho anabwera kudzatenga majezi ake tili mkati mwa masewero, anyamata n'kumaliza chigawo chachiwiri ali chifuwa pamtunda. Musatiseke. Khalidweli tinaonera kwa akuluakulu. Maule omwewa, omwe anabadwa mu 1967, anakhalapo Bata Bullets, n'kudzakhala Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, mpaka FCB Nyasa Big Bullets. Manoma, omwe anabadwa mu 1962, anavalapo dzina la Limbe Leaf, la Telecom, la Be Forward ndi la Mukuru. Kusiyana kwake n'koti anzathuwa dzina likasintha ku banki kumalowa kanthu, pomwe ife timalandira mpira umodzi ndi pampu yobwereka.

Udindo wanga mu timuyi ndi waukulu. Pa kalata yomwe timayenda nayo popempha thandizo ndinalembedwa kuti ndine mkulu woona za luso. Pa bwalo ntchito yanga ndi kunyamula chidebe cha madzi. Ndinayamba ngati wosewera, nambala 9, koma nditamwetsa zigoli ziwiri m'masewero amodzi, zonse ku golo lathu lomwe, komiti inakhala pansi n'kugwirizana kuti luso langa likufunika kwambiri kunja kwa mzere.

Poti ndine wa luso, mbiri ndimaidziwa, ndipo ndimaifotokoza kwa anyamata kaya afuna kaya safuna. Ana a masiku ano amaganiza kuti mpira wa pa Malawi unayamba ndi Super League. Ayi ndithu. Super League inabwera mu 1986, bungwe la FAM lili kale ndi zaka makumi awiri. Isanabwere, mpira waukulu unkaseweredwa m'maligi a m'madera, monga Blantyre and Districts Football League kuno kummwera ndi inzake ya ku Lilongwe. Matimu akuluakulu atasonkhanitsidwa mu ligi imodzi ya dziko lonse, otsalafe tinakhala m'manja mwa mabungwe a m'zigawo: SRFA kummwera, CRFA pakati ndi NRFA kumpoto. Choncho ndikamauza mayi a kunyumba kuti ligi ya m'chigawo ndiye kholo, Super League ndi mwana chabe amene anapita kutauni n'kuiwala kwawo, ndimakhala ndikunena zoona. Iwo amangofunsa kuti khololo libweza liti ketulo.

Kwa zaka zambiri dongosolo linali losavuta kumva. Super League inali ndi matimu 16. Chaka chikatha atatu a kumchira ankatsika, ndipo chigawo chilichonse chinkatumiza katswiri wake mmodzi kukalowa m'malo. Pakati ligi yawo inkadziwika ndi dzina la Chipiku, kumpoto la Simso, ndipo kuno kwathu tinaitchulapo Chitetezo Mbaula tisanayambe kuitchula Thumbs Up. Pansi pa ligi yaikulu ya chigawo pali magawo ena, ndipo pansi pa amenewo pali maligi a m'maboma. Pansi pa zonsezo, pamene makwerero akhudza dothi, mukakumba pang'ono, mutipeza ife. Mu 2025 anawonjezera khwerero lina pakati, la National Division. Nditamva pa wailesi ndinaitanitsa msonkhano wa komiti kudzawadziwitsa kuti ulendo wathu wopita ku Super League, womwe ndinkauwerengera zaka 12, tsopano watalikirako pang'ono.

Koma anthu amakwera, tawaona ndi maso athu. Ntopwa ya ku Bangwe inakwera n'kukasewera ndi akuluakulu mu 2019. Bangwe All Stars inatsatira mu 2023, FOMO ya ku Mulanje mu 2024. Kumpoto Ekwendeni Hammers itangokwera inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha FDH Bank mu 2021, n'kukagonja kwa Silver Strikers. Chovuta n'choti makwerero omwewo ndi otsikiranso. FOMO inabwerera chaka chomwecho, isanazolowere n'komwe mipando ya m'basi. Nchalo United inalawako n'kubwerera ku mizimbe. Ngakhale asilikali a Red Lions a ku Zomba, anthu oti amadzuka m'bandakucha kuthamanga, anatsikapo kangapo kudzapuma nafe mpweya wa fumbi. Ine zimenezi zimandilimbitsa mtima. Timu yathu sinatsikepo chiyambire, poti kumene tili kulibe kotsikira.

Nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya Bullets Reserve. Anyamata amenewa akhala akuzunza matimu mu ligi ya kummwera, koma ngakhale atenge ligi sangakwere, chifukwa akulu awo ali kale mu Super League ndipo nyumba imodzi singatumize matimu awiri. Amapambana, n'kuimirira pambali kuti wachiwiri adutse. Mu 2022 anachita zoposa pamenepo: anafika mu ndime yomaliza ya chikho cha FDH Bank n'kukapeza kuti amene akuwadikira ndi akulu awo omwe. Chikho chinapita kwa akulu, monga zimakhalira pa mudzi nkhuku ikaphedwa. Ine ndinaona kuti nzeru ndi imeneyi, ndipo ndinapempha komiti kuti nafenso tikhale ndi timu yachiwiri. Mlembi anandikumbutsa kuti timu yoyambayo ili ndi anthu 13, kuwerengera ine ndi iye.

Wolemba mbiri ya ligi za m'zigawo akadzafuna kunena zoona, adzalembe za mayendedwe. Kwa zaka zambiri chigawo cha kummwera chinkayambira ku Nsanje mpaka ku Mangochi, ku Mwanza mpaka ku Mulanje, ndipo mpira sufunsa kuti mafuta akwera. Ife ulendo wathu wotchuka ndi wa ku Chigwa cha Shire, komwe tinaitanidwa kukasewera masewero opimana mphamvu. Tinachita hayala lole ya mkulu wina wogulitsa makala. Anatiuza kuti galimotoyo ilibe vuto lililonse kupatula mabuleki, sitata ndi nyali. Potsetsereka ku Thabwa anyamata onse, ngakhale aja sapita ku tchalitchi, anayamba nyimbo za kwaya. Kochi wathu, munthu woti salankhula za Mulungu pokhapokha pa penate, analapa machimo mokweza mpaka ena tinamva za mbuzi yomwe inasowa pa Khirisimasi.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Kutentha kwa kumeneko simungakumvetse mukakhala ku Blantyre. Anyamata anamwa madzi onse a m'chidebe changa masewero asanayambe, ndipo mkulu woona za luso anatumidwa ku mjigo. Ndili pa mzere ndi amayi a m'mudzimo ndinamva phokoso katatu. Pobwera ndinafunsa mnyamata wina kuti, “Amwene, zikuyenda bwanji?” Iye anati, “Bwana, musadandaule, tikuwaphunzira kaye.” Pomwe woyimbira amaliza wenzulo yomaliza tinali titawaphunzira kasanu ndi kawiri, iwo asanatiphunzire ngakhale kamodzi.

Komiti itakhala pansi pa mtengo inapeza chifukwa msanga: anatichita mankhwala. Nanga tinalowera bwanji pa chipata chomwe eni bwalo analozera? Aliyense wodziwa mpira amadziwa kuti mlendo wochenjera amalumpha mpanda. Ndinayesa kukumbutsa anthu kuti bwalolo linalibe mpanda, chipatacho chinali mpata chabe pakati pa mitengo iwiri, koma anandiuza kuti ndisalowetse sukulu pa nkhani za akuluakulu. Sabata yotsatira tinasonkha ndalama zokaonera munthu wina wodziwa zinthu. Anatipatsa kabotolo koti tithire pa golo usiku, osatembenuka pobwerera. Ntchitoyo inagwera ine. Ndinapita usiku, mtima uli m'malere, n'kuthira bwinobwino monga anandiuzira. Kutacha woyimbira anaponya ndalama m'mwamba, kaputeni wathu n'kusankha golo linalo. Mankhwalawo anagwira ntchito, sindinganame. Chigawo choyamba chonse goloboyi wa adani athu sanagoletsedwe, ndipo pofika chachiwiri, golo lija litakhala lathu, mphamvu yake inali itatha.

Za ndalama ndiye musafunse. Pa bwalo lathu sitilipiritsa, chifukwa pakati pake pamadutsa njira ya kuchigayo, ndipo masewero amaima kaye amayi akamadutsa ndi mitolo pamutu. Tinayesapo kuyendetsa chipewa pakati pa ochemerera. Chinabwera ndi mabatani awiri ndi chitsononkho, ndipo ulendo wachiwiri chipewacho sichinabwerenso. Malipiro a osewera tikapambana ndi thobwa ndi zitumbuwa. Tikagonja ndi thobwa lokha, ndiye mayi amene amatiphikira zitumbuwa anasiya kale kutiwerengera pa bizinesi yawo. Nsapato zampira tili nazo mapeya asanu ndi limodzi. Wosewera akamatuluka amavulira amene akulowa, n'chifukwa chake kochi posintha anthu sayang'ana amene watopa, amayang'ana kukula kwa phazi.

Tsono mnyamata akayamba kuwala, timadziwa kuti si wathunso. Tinali naye wina wothamanga ngati gwape, tinamulera kuyambira ali pa mpira wachikulunga. Tsiku lina kunabwera anthu a timu ya m'gawo la pamwamba, n'kumutenga. Mtengo wake unali mipira iwiri ndi lonjezo la maukonde. Mipira inabwera, umodzi uli wobooka. Maukonde tikudikirabe, ndipo pakadali pano chigoli chikalowa timadziwira kwa ana omwe amathamangira mpira m'munda mwa a mfumu. Komabe tsiku limene dzina la mnyamatayo linatchulidwa pa wailesi, ndinazungulira msika wonse kuuza aliyense kuti madzi oyamba amene anamwa pa mpira anachokera m'chidebe changa. Wogulitsa tomato wina anandifunsa ngati zimenezo zimalipira. Ndinamuyankha kuti anthu ena mpira sadzaumvetsa.

Usiku womwewo mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Abambo, walira mvula walira matope. Koma matope anuwa akuthera m'nyumba mwanga.” Ndinawalonjeza kuti chaka chino ndi chomaliza. Anati mawu amenewo anayamba kuwamva mwana wathu woyamba ali kumsana, pano ali Fomu 3.

Loweruka likubwerali tili ndi masewero pakhomo, 2 koloko masana ngati adani athu apeza galimoto. Amene muli ndi wenzulo bwerani nayo, ya woyimbira wathu inamezedwa ndi mwana wake. Ndipo inu amene munatenga chidebe chobiriwira kuseri kwa golo la kumadzulo, chonde bwezani msanga. Si cha timu, ndi cha apongozi anga, ndipo afika Lachisanu.