Ulendo wanga wa ku Hora

Mlamu wanga wa ku Joni anandionetsa pa foni azungu akukwera mabwinja a Amaya ku Tikal, m'katikati mwa nkhalango ya ku Guatemala. Kachisi wamtali kwambiri kumeneko ndi wa mamita pafupifupi 70, ndipo anthu amalipira ndege kuti akapumire wefuwefu pa masitepe ake. Ine ndinati wefuwefu tili naye konkuno ku Mzimba, wotchipa.

Loweruka ndinavala jekete la paukwati wanga ndi nsapato za kutchalitchi, poti munthu wokaona malo ayenera kuoneka. Pa boma ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, ulendo wa ku phiri la Hora. Pofika, fumbi linali litandipaka mpaka m'makutu.

Phirili lili ndi mbiri yolemera. Cha m'ma 1880, Atumbuka a Baza Dokowe atagalukira Angoni a M'mbelwa, anathawira pamwamba pake. Ankhondo a Angoni otsogozedwa ndi Ng'onomo anazinga phiri n'kudikira kuti ludzu liwagwirire ntchito, ndipo anthu ambiri anathera pomwepo. Zonsezi ndimazidziwa bwino, mwakuti ndinamufotokozera wa kabaza njira yonse. Koma m'thumba mwanga munali chipeso ndi mpango. Madzi ayi.

"Monire adada," anatero kamnyamata koweta ng'ombe, maso ali pa nsapato zanga. Chitumbuka changa chimathera pa "yewo", ndiye ndinachigwiritsa ntchito chonse nthawi imodzi. Nditafunsa komwe kuli mabwinja, kanaloza miyala. Zoona, anthu othawa nthungo analibe nthawi yomanga akachisi.

Kamwanako kanatsogola kopanda nsapato, kakutafuna nzimbe. Ine pambuyo ndikukwawa ngati kamba, nsapato zikutsetsereka pa thanthwe lotentha, lilime litauma gwa. Tisanafike ndi pakati pomwe ndinalengeza kuti ndaona zokwanira. Apa ndinamvetsa chifukwa chake Umthetho, mwambo wa mu Ogasiti umene a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V amakhalapo, umachitikira m'munsi mwa phiri. Ovina ingoma ndi anthu oganiza.

Potsika ndinatsika chokhala, ndipo buluku linapereka nsembe. Wa kabaza anandiyang'ana miyendo ikunjenjemera, jekete nditamanga m'chiuno kubisa ngozi.

"Bwana, pobwerera mtengo wakwera."

"Chifukwa?"

"Popita munali pasinjala. Pano ndinu katundu, ndiyenera kukumangani ndi mphira."