Tebulo la Alamu Lakana Kutsika

Kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kukhala pampando ndi malipiro a sukulu. Msodzi wa ku Kachulu amayendetsa bwato choimirira, kukankha ndi nsungwi poti nyanja yathu ndi yosazama. Mayi wa ku sikimu ya mpunga ya Likangala amawerama kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Onsewa potumiza mwana kusukulu amati: limbikira, udzagwire ntchito yokhala pansi. Ndiye taganizani mmene mudzi unazizidwira utamva kuti alamu anga, munthu amene anamvera langizoli mpaka kukatulukira ku Chancellor College, agula tebulo loti azigwirirapo ntchito ali chilili.

Alamu ndi mkamwini kwathu. Amagwira ntchito kubungwe lina la ku Lilongwe, koma chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020 anawalola kugwirira kunyumba, ndipo chipinda chimene mlongo wanga ankasungiramo mpunga chinasanduka ofesi. Tebulolo linachokera ku Johannesburg pa basi, kenako pa kagalimoto kamatola kuchokera m'tauni ya Zomba. M'miyendo mwake muli mota. Ukadina batani limakwera mpaka pachifuwa, ukadina lina limatsika mpaka pamene tebulo la munthu wamba limalekezera. Akuti limakumbukiranso msinkhu wa mwini wake, zimene ngakhale telala wa pamsika zimamuvuta.

Tsiku lolionetsa, malume analizungulira kawiri, manja kumbuyo.

"Ndiye mwagula tebulo, ndalama ya mpando n'kuperewera?"

"Mpando ulipo, malume. Koma madokotala akuti kukhala pansi tsiku lonse kumapweteketsa msana, kumaitananso shuga ndi BP. Mpofunika kumasinthasintha, pena kukhala, pena kuimirira."

"Oho. Kuimirira ayamba kugulitsa?"

Amayi sanayankhule pamaso pa mkamwini wawo. Ananong'oneza mlongo wanga kukhitchini kuti akanadziwa kuti vuto ndi limenelo, akanawabwereka mtondo ndi munsi, zaulere.

Mavuto enieni anayamba ndi alendo. Kwathu nkhani sikambidwa choimirira. Munthu akati "odi", umamupatsa pokhala, nawe n'kukhala, kenako moni. Tsiku lina a nyakwawa anabwera kudzatolera chipepeso cha maliro. Anawapatsa mpando, iwo n'kukhala, koma mwini nyumba ali njo, zomvera zili m'makutu, akugwedezera mutu anthu a pa Zoom. A nyakwawa anaona kuti sizikuyenera, anaimirira. Alamu anawakodola kuti akhale. Anakhala, n'kuimiriranso. Anatuluka ndi chipepeso chawo, koma madzulo ake nkhani inali itafika pabawo, ndipo akuluakulu a pabawo anaiweruza msangamsanga: munthu wamkulu, wa ndalama zake, sangakane mpando popanda chifukwa. Ali ndi chithupsa kumalo okhalira. M'mawa mwake gogo wina anafika ndi mizu m'kapepala, n'kupereka kwa mlongo wanga mwachinsinsi chimene mudzi wonse unkachidziwa.

Kenako kunabwera namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Magetsi anayamba kumathima maola ambirimbiri. Apa m'pamene tinadziwa kuti tebulo la alamu lilibe chopukusira pamanja. Pamene magetsi alisiya m'pamene limakhala. Ndipo, sindikudziwa kuti ndi tsoka lanji, ankakonda kulisiya lili m'mwamba.

Laputopu ili ndi batire lake, ndiye ntchito siinkaima. Amene ankaima ndi alamu. Pofika masana miyendo inkanjenjemera. Anayesa kukhala pampando, koma anzawo a ku Lilongwe ankangoona chipumi ndi tsitsi. Anasanja matumba awiri a mpunga, mpando pamwamba, iwo pamwamba pa mpando, jekete ndi tayi kumtunda, kabudula kumunsi. Magetsi akayaka pakati pa usiku, anthu ena ankathamangira kutchaja mafoni, wachigayo ankadzutsa anyamata ake, alamu ankathamangira kukatsitsa tebulo.

Koma pofika nthawi imeneyo tebulolo linali litapeza bwana wina. Mlongo wanga anazindikira kuti likakwera mpaka pamapeto, ana salifikira. Shuga anasamukira pomwepo. Kenako chigubu cha mafuta ophikira, kenako matemba ouma ndi mlamba wowamba, moti malipoti a bungwe anayamba kupita ku Lilongwe akununkhira doko. M'nyumba munabuka mkangano umene ankhoswe sanaumvepo chiyambire: bambo akufuna pansi, mayi akufuna m'mwamba. Ana nawo, makolo akapita kutchalitchi, ankakwerapo mosinthana, wina akudina batani, ndipo ana a anansi ankalipira ndi mango. Alamu ankadabwa kuti mayunitsi akutha bwanji Lamulungu.

Musaganize kuti onse ankaseka. Anthufe timaseka chinthu sabata yoyamba, yachiwiri timafunsa mtengo. Mphunzitsi wina anaika njerwa zitatuzitatu kunsi kwa tebulo lake n'kumachonga makope ataimirira pakhonde, pamene odutsa angamuone. Mnyamata wotumiza ndalama pafoni anachotsa benchi ya makasitomala, akuti akuwasamalira msana. Wagolosale, amene waimirira kuseri kwa kauntala zaka zonsezi akudandaula miyendo, anayamba kunena kuti iye zimenezi anaziyamba kale, azungu angomuonera. Kalipentala wa ku Jali analonjeza kukhoma tebulo lokwera ndi kutsika ndi zikhomo zamtengo, losafuna magetsi. Alamu anakana. Lopanda batani, munthu angadziwe bwanji kuti ndi la ofesi?

Tsiku limene amayi anabwera kudzakamba za feteleza, magetsi anali atathima kuyambira m'bandakucha, tebulo lili m'mwamba, msonkhano uli mkati. Amayi anafika pakhomo la ofesi n'kukhala pansi cham'mbali, nkhope atayang'ana kukhoma, monga achitira apongozi. Mkamwini sangayankhe apongozi ali chilili, ndiponso sangawayankhe ali pamwamba pa matumba a mpunga wa apongozi omwewo. Alamu anatsika, anavula zomvera, n'kunjuta. Chipindacho n'chaching'ono, ndiye malo onjutapo anapezeka kunsi kwa tebulo.

Anakambirana bwinobwino za matumba angati, za mtengo, za mvula ya chaka chino. Pamwamba pawo laputopu inkaonetsa khoma ndi mchira wa mlamba, ndipo mawu a bwana wa ku Lilongwe anamveka akuitana dzina la alamu kachitatu.

Amayi anakweza maso pang'ono, n'kufunsa chapansipansi:

"Alendo anuwo mwawapatsa pokhala?"