Chambo chinasanduka mkunga

Pa Senga Bay pali mkulu wina wowotcha nsomba m'mbali mwa msewu wotsikira kumchenga. Atamva kuti Sand Music Festival yayandikira, ndipo anthu a ku Lilongwe abwera matumba ali tupi, anati naye apangitse chikwangwani. Anajambula chambo chake chonona pa foni, nakwera minibasi kupita kosindikizira pa boma.

"Achimwene, ndikufuna bana ya mamita atatu m'litali, theka la mita m'lifupi. Nsombayi idzaze ponseponse. Ndalipira nsalu yonse, sindikufuna kuona poyera."

Mnyamata wa pa kompyuta anayesa kuwauza kuti chithunzi chimakokedwa pa kona kuti chikule mofanana mbali zonse. Mkuluyo sanamve. "Kokani basi, ndalama ndi yanga." Mnyamatayo anakokera cham'mbali. Chambo chinatalika, chinaonda, diso linasanduka nyemba. Tsiku la chikondwerero, mayi wina anatsika m'galimoto, nayang'ana bana, nayang'ana pamoto, nafunsa mwaulemu: "Bambo, mkunga wanuwu watha?"

Nkhani ya ukwati wa ku Lifuwu ndiye inandigwetsa. Akomiti anafuna chithunzi cha akwati chachikulu, cha A0, choti chionekere kumpando wakumbuyo kwa holo. A0 ndi chinsalu cha pepala: mamilimita 841 m'lifupi, 1189 m'litali, ndipo mapepala a A4 amalowamo 16. Atamva mtengo wa makina aakulu, msungichuma anagwira pamtima. Apo mphwake wa mkwati, amene amaphunzira za makompyuta, anati: "Amalume, musataye ndalama. Tisindikiza m'zidutswa 16 pa pulinta wamba, tilumikiza tokha."

Nzeruyo ndi yoona, anthu amachitadi. Koma pulinta wamba safika kumapeto kwa pepala, amasiya kamzere koyera m'mbali zonse zinayi, pafupifupi theka la sentimita. Kamzereko kamafunika kukadula ndi lumo musanamate. Mphwakeyo ndi anzake anayamba ntchito usiku wa Lachisanu, magetsi atathima, akuunika ndi tochi ya foni, guluu wake phala la chinangwa. Za lumo palibe anazikumbuka.

M'mawa anthu polowa m'holo anapeza akwati akumwetulira kuseri kwa mizere yoyera, yoima ndi yopingasa. Ankhoswe a kuchikazi anaima kaye, ndodo ili m'manja. "Ana athuwa alakwanji? Ukwati sunayambe, ali kale kundende ya Maula?" Choonjezera apo, pepala la 6 ndi la 7 anawasinthanitsa, moti khutu la mkwati linali pachipumi pa mkwatibwi. Agogo ena anangopukusa mutu: "Abusa amati akhale amodzi, koma sankanena chonchi." Perekaniperekani anayenda bwino kwambiri tsikulo. Ena amati chinali chisoni.

Ndisamaseke anzanga okha. Ine ndemwe ndinapita ndi chithunzi cha amayi cha A4, ndikufuna chikhale A3. Ndinkadziwa kuti A3 ndi A4 awiri, choncho ndinalamula molimba mtima kuti, "Ikani 200 peresenti." Mtsikana wa pamakina anandiyang'ana monga amachitira namwino kwa wodwala wobwera ndi dzina la mankhwala ake kale. "Bambo, ndi 141." Ndinakana, sukulu ndinapitako. Pepala linatuluka lili ndi duku, mphuno ndi phewa limodzi. Kani 200 imachulukitsa m'litali ndi m'lifupi momwe, chithunzi n'kukula kanayi. Ndinalipira mapepala awiri, ndipo la dukulo lili m'sutikesi mpaka lero, amayi sanalione.

Za zithunzi za pa WhatsApp sinditaya nthawi. Foni imachifinya chithunzi kuti chisadye bandulo. Pa chiliza china ku Chipoka anakulitsa chithunzi chotere, nkhope ya malemu n'kutuluka timabokosi tokhatokha. Mlamu wawo anati, "Koma ndi iwowo, paja anali omanga nyumba. Taonani njerwa."

Mwini loji ina m'mbali mwa nyanja anatopa ndi anthu ochapa pafupi ndi mipando ya alendo. Analemba chidziwitso zilembo zikuluzikulu kudzaza A4 yense, mzere womaliza uli kumunsi kwenikweni. Kompyuta ya kosindikizira inali itatcheredwa pa Letter, pepala la ku America, lomwe ndi lalifupi: mamilimita 279, pamene A4 ndi 297. Mamilimita 18 amenewo anapita ndi mawu amodzi okha, aja akuti N'KOLETSEDWA. Mlonda, amene ntchito yake sinali yowerenga, anakhoma pamtengo zomwe anapatsidwa: KUCHAPA, KUSAMBA NDI KUTSUKA MBALE PANO. Pofika 6 koloko m'mawa panali mabeseni, mapoto, ana amaliseche ndi thovu la sopo mpaka m'madzi. Bwana anatuluka atalusa. Mayi wina, chitenje chili m'manja akuchifinya, anagwada pang'ono: "Zikomo bwana potiganizira. Kodi sopo tizibwera naye tokha?"

Nanga mtundu wa pepala? Kunyanja kuno chithunzi chokhala panja chimafuna nsalu ya pulasitiki ija ya mabana, apo ayi muchimate m'pulasitiki. Inki ya mapulinta a m'maofesi ang'onoang'ono ikakhudzana ndi madzi imayenderera. Pa kampeni ya 2025, munthu wina wofuna ukhansala anaona kuti pulasitiki n'kuwononga. Anasindikiza nkhope yake pa mapepala wamba, nawamata pa maboti ndi pa matandala oyanikira usipa, kuti asodzi azimuona popita ndi pobwera. Anaiwala kuti imeneyo ndi nyengo ya mwera. Usiku umodzi wa mafunde unakwana. M'mawa inki yakuda ya m'maso inali itatsetsereka m'masaya mpaka pa tayi.

"Bwana, mwayamba kulira mavoti asanawerengedwe?" anafunsa asodzi.

Iye anati ndi ntchito ya adani, nalonjeza kuti pa 16 September, tsiku lovota, aona. Zotsatira zitatuluka, msodzi wina anamatula pepala limodzi pa boti lake, naliumitsa padzuwa, napita nalo kunyumba kwa mkuluyo. "Ili lisungeni, bwana. Pa anthu anu onse a kampeni, ndi lokhali limene linakuuzani zoona."