Chalo Tekken 3, Mfumu Yoweruza Ili Chafufumimba

Amayi, imbani nthungululu. Abambo, vulani zipewa, mugwade, muwombe m'manja monga muchitira pabwalo la milandu. Anyamata amene mukusoka fodya m'zigafa, ikani kaye singano pansi, ndipo inu odinda mabelo, lekani jeke ipume, pakuti lero tikutchula dzina la wamkulu amene amakhala m'kagolosale ka kuseri kwa chigayo, pakati pa botolo la maswiti ndi katoni ya sopo, kuno kwa Lukwa. Chalo Tekken 3! Mwini Nkhonya Yachitsulo, Mkango wobangula mu TV ya chimsana, Namondwe wa m'chimbale chokalikakalika, Wodya ma K100 a ana osabweza chenji, Wamuyaya malinga batire likhale ndi moto!

Munabadwira kutali, ku Japan, m'nyumba ya Namco, m'chaka cha 1997, ndipo mu 1998 munalongedwa ufumu pa PlayStation. Zimbale zanu zoposa 8 miliyoni zinagulidwa padziko lonse. Chathuchi sichili m'chiwerengero chimenecho, poti dzina lanu linachita kulembedwa pamanja ndi inki yakuda, ndipo wolembayo anaiwala "k" mmodzi. Koma kodi mfumu imaleka kukhala mfumu chifukwa yabwera pa kabaza? Kunja uko adzukulu anu afika pa Tekken 8, wa mu 2024, amene thukuta limaoneka pamphumi ndipo tsitsi limawerengeka limodzilimodzi. Zachibwana. Inu simutaya nthawi ndi tizala: chibakera cha msilikali wanu ndi njerwa, phewa lake ndi bokosi, nkhope yake ndi ya pa chiphaso cha unzika, yosasintha pomenya, yosasintha pomenyedwa.

Ndani mwa mafumu onse a m'chigwa cha Kasungu amene amaweruza milandu ali chafufumimba? Inu nokha. Diso la makina anu linatopa kalekale, choncho mwini golosale amakuvundikirani ngati mbale yotsuka, ndipo pokhapo ndi pamene mumalola kudzuka. Tisanaone nkhope yanu timayamba tapukuta chimbale pa malaya, kuchiuzira mpweya, ena mpaka kuchidzoza mankhwala otsukira mano, kenaka tonse zii, maso pa kanema, mtima uli m'mwamba ngati wa mlimi ku Chinkhoma pamene ogula akuyandikira belo lake. Tsiku lina mumatulukira. Tsiku lina mumatibweza tonse ndi mdima, osanena n'komwe chimene talakwa, ndipo ife timabwerera kunyumba tikuyamika kuti mfumu yapumula.

Koma mukatulukira, ha! Apa pokha ndilankhule ndi mtima woona. Nzeru yanu ndi yosavuta ngati kudya nsima: mabatani anayi, ziwalo zinayi, awiri a manja, awiri a miyendo. Munatiphunzitsa kuti chibakera chikamabwera munthu angathe kungopatukira kumbali n'kuchisiya chidutse, chinthu chimene ambiri mwa akuluakulu anu sankachidziwa, iwo amene ankangopita kutsogolo ndi kumbuyo ngati mbuzi yapachingwe. Ndinu waliwiro, ndinu wosalala, ndipo nkhonya yanu ikafika imamveka mpaka kuchigayo. Zoona, pa padi yathu yachiwiri batani la dzanja lamanja linamwalira dzinja lapitalo, ndipo waya wake ndi womanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Ameneyo ndi mwambo wa pakhomo panu: padi imeneyo timapatsa alendo. Nalo bwalo lanu lilibe malire. Nyumba ndi mapiri a kumbuyoko ndi chithunzi chabe chongozungulira, kotero wamantha akhoza kubwerera chammbuyo mpaka ku Mtunthama osagunda khoma.

Nanga nduna yanu yaikulu, Eddy Gordo wa ku Brazil, tiitamande ndi pakamwa pati? Iye amamenya capoeira, nkhondo yobisala m'gule imene akapolo ochokera kuno ku Africa anaikulitsa kutsidya kwa nyanja. Mutu pansi, miyendo m'mwamba, kuzungulira ngati kamvuluvulu wa mwezi wa Okutobala. Mwa iyeyu munathetsa tsankho limene sukulu, mipingo ndi zipani zinalephera. Alipo mnyamata wina kuno amene analoweza nkhonya khumi zotsatizana za Jin Kazama, anazilemba kumapeto kwa kope la masamu, anadya ndalama ya ganyu ya sabata yathunthu akuziyeserera. Kunabwera kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi, mamina ali m'mphuno, kotumidwa mchere. Kanasankha Eddy, kanatsinzina, n'kuyamba kusinja mabatani awiri a miyendo ngati kakusinja mphale. Katswiri uja sanaponye ngakhale chibakera chimodzi. Anatuluka akunena kuti padi inali yoipa, chonsecho yabwino ija inali m'manja mwake. Ha, Chalo, Wochepetsa odzikuza, Wokweza osadziwa kanthu, Mphunzitsi wamkulu wa phunziro lakuti kuphunzira n'kutaya nthawi!

Ndipo banja lanu lachifumu, a Mishima, ndi chitsanzo kwa mabanja onse. Gogo Heihachi anaponya mwana wake Kazuya kuphompho ali wamng'ono, kuti aone ngati ali wolimba. Mwanayo atakula anabweza moni, naponya bambo ake kuphompho. Bambowo anakwera, nagwira mwana uja, namuponya m'phiri la moto. Pofika m'nthawi yanu, nkhalambayo yatembenukira kwa mdzukulu, Jin, ndipo mfuti ili m'manja. Kuno nkhani ya ufumu ikavuta timaitana mbumba, timakhala pansi pa mtengo, zikakanika timapita kwa DC. Kwa a Mishima amangofunsa kumene kuli phiri. Akanakhala Achewa, mpando ukanapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo Kazuya akanakula mwamtendere akulima fodya kuchikamwini. Tingothokoza kuti phiri la Kasungu sanalione.

Taonani bwalo lanu mmene ladzazira ndi olemekezeka! King, wa thupi la munthu ndi mutu wa nyalugwe, amene mlandu uliwonse amauyankha ndi kubangula. Paul Phoenix, wosenza tsitsi loimirira ngati mtolo wa udzu wofolerera chigafa. Yoshimitsu, mwini lupanga, amene nkhondo ikafika povuta amadzibaya yekha pamimba kuti mdani asokonezeke. Kuma, chimbalangondo chimene palibe mlonda anachifunsa chiphaso pakhomo. Dr. Bosconovitch, nkhalamba yongokhalira kugwa chagada ngati wochokera ku kachasu. Gon, kabuluzi kofupika kotero kuti zibakera zimangodutsa pamwamba pake, kamene chida chake china ndi mphepo ya kumbuyo. Ndiponso Mokujin, chidole chamtengo chopanda kamenyedwe kakekake, chimene raundi iliyonse chimadzuka ndi kamenyedwe ka wina; chikanakhala ku Nyumba ya Malamulo, gawo 65 likanatopa nacho.

Ambiri mwa olemekezekawa sabwera wamba. Mumayamba ndi asilikali khumi okha, ndipo enawo timachita kuwakumba mmodzimmodzi, tikugonjetsa Ogre, mdani wotsiriza, mobwerezabwereza kuyambira m'mawa mpaka zala kutuluka matuza. Kakhadi kosungira zimenezi kanasowa chaka chimene kanabwera. Choncho dzuwa likapendeka, sola ikaleka kukoka, inivetala ikayamba kulira ngati mwanapiye wotayika, mumatsinzina, Chalo, ndipo Kuma, Mokujin, Gon ndi Gogo Heihachi amene mumapita nawo kumdima. Mawa m'mawa tidzakuvundikiraninso, tidzapukutanso chimbale pa malaya, ndipo mukadzalola kudzuka tidzapeza khumi aja atatidikira, Eddy ali pakati pawo, akuvinavina. Kamwana ka mchere kaja akuti katumidwanso.